Kupita ndi Mutu wa Kapitawo ku Chilanga

Ndinanyamuka ku Nangongwe, komboni yathu ya ku Kafue, m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma, nditasenza bokosi la buluu lomwe amayi amasungiramo nsomba zaziwisi. Tsikulo munalibe nsomba. Munali mtembo wa mphaka wathu, Kapitawo, ndipo ndinkapita nawo kumalo opimira matenda a ziweto kufupi ndi Chilanga kuti akandiuze ngati anali ndi chiwewe. Ndinadzera njira ya kuseri kwa zimbudzi, osati ya pampopi, chifukwa pampopi m'mawa pamakhala maso ambiri kuposa ndowa.

Amayi anga amagulitsa nsomba pamsika, ndipo mphakayo anamuweta chifukwa cha makoswe. Dzina analipeza yekha, poti ankakonda kukhala pamwamba pa matumba a tinsomba touma ta kapenta n'kumatiyang'ana ife tikukhetsa thukuta. Sabata imeneyo anasintha. Analeka kudya, n'kuyamba kubisala kunsi kwa bedi, ndipo amayi atafuna kumukoka anawaluma pa dzanja lamanzere mpaka mano kulowa. Mawa lake masana anatuluka yekha, dovu lili chuchuchu kukamwa, n'kukalowa m'chisakasa chomwe mpingo wathu umapemphereramo kuseri kwa nyumba, nyimbo ili pakati. Anayamba kulimbana ndi chingwe cha sipika. Mphaka akalowa m'mapemphero ku Nangongwe palibe amene amafunsa ngati akudwala. Anyamata anamuthyola mwendo wakutsogolo wakumanzere ndi thabwa, n'kumumaliza pamsana, ndipo akanakhala ndi petulo akanamutentha pomwepo. Anakamutaya kudzala, ine n'kukamutola ndi thumba kusanade.

Tsono vuto linali apa. Kwathu amati ukavulaza mphaka wa mfiti, bala limakatulukira pa mwini wake, pamalo omwewo. Mphaka anathyoledwa kumanzere, amayi bala lili kumanzere. Kuyambira madzulo amenewo azimayi omwe sanatipatsepo moni chaka chonse anayamba kudutsa pakhomo, kufunsa ngati tagona bwino, maso ali pa manja a amayi. Amayi anakulunga dzanjalo m'chitenje n'kukhala m'nyumba. Nditawauza zoti tipite ku kiliniki anakana, ati pamzere pamakhala anthu omwewa, ndipo anamwino amafunsa mokweza kuti chakuluma n'chiyani. Ndinakalipa, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndiimbira achimwene ku Kitwe, koma zonsezo zinangowadutsa. Iwo ankati Kapitawo anadya khoswe wa poizoni basi, ndipo bala n'laling'ono, lipola lokha. Pomaliza, mwina pofuna kuti ndiwasiye apume, anati ndikapeza munthu wodziwa amene anganene motsimikiza kuti chinali chiwewe, adzaganizapo. Sanati adzapita. Anati adzaganizapo, ndipo ine ndinanyamuka ndi mawu amenewo.

Malo anga oyamba anali m'tauni ya Kafue, pa kasitolo ka ba Hamoonga, bambo wa imvi amene kale ankagwira ntchito yobaya ng'ombe katemera koma tsopano amagulitsa mankhwala a nkhuku. Ndinawapeza akusesa pakhonde. Atamva nkhani yanga anaimika tsache, n'kundifunsa kaye ngati balalo linatsukidwa ndi sopo. Ndinati ndinalitsuka ndekha, nthawi yaitali, amayi akundinyoza.

"Mwachita bwino, ba Naomi," anatero. "Koma amai banu bafunika nyeleti lelo. Osati mailo, osati mukabwela na vopima. Lelo."

Ndinawauza kuti za jakisonizo akanene okha kwa amayi, aone ngati atulukako ndi makutu onse awiri. Anapukusa mutu, n'kutenga bokosilo kupita nalo kuseri. Anavala magolovesi ndi chotseka kukamwa, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumbali. Opima amangofuna ubongo, choncho anachotsa mutu wokha, n'kuumanga m'mapulasitiki awiri, kenako m'chitini cha penti chotseka bwino. Thupi anati akwirira okha mozama. Anandichenjeza kuti mutuwo ukatentha ubongo umasungunuka, ndipo ukafika utawola ulendo wanga wapita m'madzi. Pankafunika ayezi wambiri.

Ayezi ku Kafue m'mwezi wa Okutobala, magetsi atazima kuyambira dzulo lake! Kubutchala anandiseka. Pasitolo ya zakumwa anandionetsa firiji yotsegula, ikudontha madzi. Ndinazungulira msika wonse mtima uli m'mwamba, mpaka mayi wina wogulitsa vitumbuwa anandilozera kufupi ndi siteshoni ya sitima, kwa mnzake amene ali ndi firiji ya sola. Kumeneko ayezi kunalibenso, koma kunali mafiriziti, timapaketi tija ta madzi otsekemera oumitsa tomwe ana amayamwa potuluka kusukulu. Ndinagula onse amene analipo, ofiira, achikasu ndi obiriwira, n'kuwathira mozungulira chitini mpaka bokosi kudzaza. Mayiyo anandifunira malonda abwino, ndipo ine ndinangoyamika.

Minibasi ya ku Lusaka ndinaipeza ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Amene amakwera mabasi a ku Kafue akudziwa kuti zimenezo n'zonamiza maso. Theka la anthu amene akhala m'katimo amakhala anyamata a pasiteshoni pomwepo, ndipo munthu weniweni akakwera, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete ngati waiwala kanthu. Ndinalipira makwacha makumi atatu mpaka ku Chilanga, n'kukhala pawindo. Kondakitala ankafuna kuika bokosi langa kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, pamwamba pa injini, pomwe pamatentha moti ukhoza kuwotchapo chimanga. Ndinakana, n'kulikumbatira pamiyendo. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo, ine ndikungomva mafiriziti anga akufewa. Ndinafunsa kangapo kuti tinyamuka liti, ndipo yankho linali limodzi, lakuti manje manje, ndiko kuti pompano.

Titanyamuka, pambali panga panali patakhala mayi wina wonenepa, wa wigi yofiirira, amene ankadzipepesa ndi kabuku ka nyimbo. Tisanamalize n'komwe nyumba za ku Kafue anali atandifunsa kale ngati m'bokosimo muli zozizira. Ndinati si zogulitsa. Anati aliyense amatero pofuna kukweza mtengo. Basi inakwera zitunda zouma, mitengo ili mbuu, ikupitirira malole a makala ndi a mkuwa amene ankakwawa ngati atopa ndi moyo, ndipo pamalo alionse pomwe munthu waima m'mbali mwa msewu, ngakhale wongodikira mkazi wake, dalaivala ankaima kumufunsa ngati akupita. Ndinkaganiza za amayi ali okha m'nyumba yotentha ija, zitseko zotseka, dzanja lili m'chitenje.

Tikuyandikira Shimabala, paketi imodzi yofiira inaphulika m'kati. Bokosi la amayi lili ndi mng'alu pakona, ndipo madzi ofiira anayamba kudontha, kutsika pa siketi yanga mpaka pa phazi la mayi wa wigi uja. Anayang'ana phazi lake, n'kundiyang'ana ine. Ndisanagwire chivundikiro anali atachitsegula kale. Ataona mafiriziti nkhope inamasuka, koma kenako anaona chitini chili pakati, chomatidwa ndi tepi mbali zonse.

"Nanga umu muli chani, ba sisita?"

Ndikanatha kunena kuti ndi mankhwala. Ndikanatha kunena kuti ndi chiwindi cha mbuzi, basi yonse ikanandisiya. Koma ine ndikatopa ndi munthu, pakamwa panga sipadikira nzeru.

"Ni mutu wa pusi," ndinatero.

Kenako zonse zinayamba nthawi imodzi. Mayi uja anayamba kupemphera m'malilime akudzikankhira kwa munthu wa mbali inayo, bambo wina kumbuyo ankamenya denga kuti dalaivala aime, mtsikana wina anatulutsa foni kuti andijambule. Ndinayesa kufotokoza za chiwewe ndi za kopimitsa, koma mawu akuti chiwewe anangowonjezera moto, chifukwa amene sankaopa ufiti tsopano anayamba kuopa matenda. Titangodutsa pa geti yolipirira magalimoto ya ku Shimabala, basi inaima. Kondakitala ananditsegulira chitseko mwaulemu umene sindinauonepo pa kondakitala, ataima patali, manja ali kumbuyo. Za ndalama yanga sanatchule, inenso ndinalibe mphamvu yoti ndiyambe mlandu wina.

Ndinatsala ndekha m'mbali mwa msewu dzuwa likuyandikira pamutu. Ku Shimabala kulibe mthunzi wa munthu wapaulendo, kuli timisasa ta azimayi ogulitsa tomato, repu ndi chimanga chachiwisi cha kudimba. Ndinakankhira bokosi pansi pa thebulo la mmodzi wa iwo, n'kugula chimanga chowotcha kuti ndipeze chifukwa choimira pamenepo, ngakhale kuti sindinachilume n'komwe. Mabasi ankadutsa odzaza, makondakitala atapachikika pazitseko. Ndinatsegula bokosi pang'ono n'kugwira. Mafiriziti a pamwamba anali atasanduka madzi ofunda, a pansi okha ndiwo anali olimbako.

Ndinaimbira amayi. Anayankha mochedwa, ndi mawu a munthu amene wagona masana. Anati ali bwino, adya phala, palibe wabwera kupatula mkazi wa a dikoni amene anadzabwereka sefa yomwe ali nayo kale kwawo. Kenako anangoti balalo likuyabwa pang'ono. Ndinali nditamvapo kuti chiwewe chikayamba kugwira munthu, chimayambira kuyabwa pa bala. Sindinawauze. Ndinangoti asakande, n'kudula foni, n'kuyamba kuimika chilichonse chokhala ndi matayala, ngakhale malole a mafuta amene saima.

Mayi wa tomato uja, ataona kuti ndatsala pang'ono kugundidwa, anandiitana n'kundilozera kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene kankapakira kabichi chapatali pang'ono. Anati mwini wake ndi mlimi wa konko, amapita ku Lusaka tsiku lililonse. Ndinapita. Anali mdala wamtali, wa chipewa chodyeka m'mphepete. Ulendo uno ndinaona kuti ndinene zoona ndisanakwere, kusiyana n'kukatsitsidwanso pakati pa tchire. Ndinamuuza zonse, za mphaka, za amayi, za basi. Anamvetsera akumanga chingwe, n'kufunsa ngati chitinicho n'chotseka bwino. Nditavomera anati m'galimoto yakeyo munakwerapo nkhumba yakufa ndi apongozi ake tsiku limodzi, ndiye mutu wa mphaka si kanthu. Bokosi analikwirira pakati pa makabichi kuti lisaone dzuwa, ine n'kukhala kutsogolo.

Galimotoyo inkayenda ngati ikupepesa msewu. Mdalayo sankathamanga, ndipo sankaona chifukwa chothamangira. Anandifotokozera za mtengo wa feteleza, za mvula imene yasiya ulemu, za ana ake amene safuna khasu. Ine ndinkangoti inde, inde, maso ali pa kagalasi kuyang'ana makabichi. Tikuona utsi woyera wa fakitale ya simenti ya ku Chilanga patsogolo, anasintha nkhani. Anati kale anali ndi mbusa wa ng'ombe, bambo wa ana atatu, amene analumidwa ndi nkhandwe pa chala n'kungomangapo kansalu. Patapita miyezi anayamba kuopa madzi. Ankalira ndi ludzu, koma akamubweretsera kapu ankakuwa n'kuigwetsa. Mdalayo anati anakhala naye mpaka tsiku lomaliza, ndipo sanaonepo imfa yoipa ngati imeneyo. Atanena zimenezo anaponda mafuta koyamba chinyamukire. Pamphambano pomwe ndinkayenera kutsika sanaime. Anakhotera yekha mumsewu wafumbi, n'kukandisiya pageti penipeni, makabichi ake akufota kumbuyo. Ndalama anakana, koma chimanga changa chowotcha chija analandira.

Malowo ndi nyumba zazitali zakalekale zobisika m'mitengo, kutali ndi phokoso, kumangomveka jenereta ndi nkhunda. Mlonda anandilozera khomo la kumapeto. Kumeneko ndinapeza mayi wamfupi wa magalasi, wovala chijasi choyera ndi nsapato zothamangira, amene aliyense ankangomutcha ba Dokota. Nditanena kuti ndabwera ndi mutu wa mphaka, nkhope yake inawala moti ndinakhumudwa nazo. Anaona, n'kupepesa. Anati iye ndi anzake akufufuza tizilombo ta mavayirasi timene timagwira amphaka ndi ziweto zina za pakhomo, koma amphaka safika kwa iwo. Mitu ya agalu imabwera, ya ng'ombe imabwera, koma mphaka akachita zachilendo anthu amamutentha tsiku lomwelo, ndipo umboni umapita ndi utsi. Ngakhale pa katemera wa ziweto, anati, anthu amabwera ndi agalu pa zingwe, koma palibe amene amafuna kuonedwa masana akuyenda ndi mphaka m'manja. Choncho za matenda a amphaka athu, kaya chiwewe, kaya chimfine chawo, kaya kachilombo kena kamene kamawafooketsa magazi, odziwa amadziwa zochepa kwambiri.

Atatsegula bokosi n'kuona mafiriziti, anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsamira khoma. Anaitana mnzake kuti adzaone. Kenako anapisa dzanja la golovesi pansi, n'kunena kuti chitini chikadali chozizira, ndipo pa zonse zimene anthu amabweretsera mitu, mchere, utuchi, ngakhale palafini, izi zinali zanzeru. Ndinamuuza za kuyabwa kuja. Anandifunsa tsiku limene amayi analumidwa, n'kunena kuti n'kosatheka kuti chikhale chiwewe msanga chotero, ndi bala chabe limene likufuna mankhwala. Koma sanandisiye ndipume nazo. Anati kachilomboko sikayenda m'magazi, kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera kumutu, ndipo dzanja silili kutali ndi mutu. Katemera amayenera kukafika patsogolo pake. Ananenanso zomwe ananena ba Hamoonga, kuti munthu wolumidwa sadikira zopima.

Anandiuza kuti ali ndi kopimira kachangu, kofanana ndi kaja ka malungo, ndipo mawa lake adzatsimikiza ndi makina oonera tinthu tating'ono. Ndinakadikira panja pansi pa mtengo. Kukhala pansi kunandikanika. Ndinayenda kukafika pageti, kubwerera, kukafikanso, mpaka mlonda anandipatsa mpando wake, mwina poopa kuti ndimumalizira udzu. Ndinadzipeza ndikupemphera pemphero losokonezeka. Theka la mtima linkafuna kuti anene kuti mulibe, amayi akhale kuti ali bwino. Theka lina linkaopa kuti akanena kuti mulibe, amayi sadzapitanso ku kiliniki, ndipo ku Nangongwe kudzatsala yankho limodzi lokha la chimene chinalowetsa mphaka m'mapemphero.

Ba Dokota anatuluka atanyamula kanthu koyera m'kathumba koonekera. Panali timizere tiwiri. Sanazungulire, anangoti chinali chiwewe. Anandifunsa ngati pali wina amene analumidwa kapena kukandidwa, n'kunena kuti anyamata amene anamupha aja ndikawauze akaonedwe ngati malovu anawagwera pa bala kapena m'maso. Ndinamuuza kuti zimenezo ndichita, koma vuto langa ndi mayi mmodzi wouma mutu amene anangolonjeza kuganizapo. Ndinafotokoza za mwendo wamanzere ndi dzanja lamanzere. Sanaseke. Anati nayenso anakulira m'komboni, n'kupempha foni yanga.

Ndinkayembekeza kuti awaopseza ndi mawu akuluakulu a kusukulu. M'malo mwake anakhala pa sitepe, n'kutsitsa mawu.

"Amai, ndine dokota wa vinyama. Pepani maningi pa pusi wanu. Enze ndani zina yake?"

Kenako ndinamva mawu a amayi, aang'ono, akutchula dzina la Kapitawo. Ba Dokota anawafunsa kuti anamupeza bwanji, ankadya chiyani, ankagona pati. Amayi anayamba kulankhula. Ananena kuti anamutola ali kamwana m'ngalande ya pamsika chaka chimene bambo anamwalira, kuti sanabepo nsomba ngakhale imodzi pathebulo, kuti m'nyengo yozizira ankagona pa mapazi awo. Mawu anayamba kuduka, ndipo ndinazindikira kuti akulira. Ine mwana wawo ndinali nditawakalipira za jakisoni kuyambira tsiku lolumidwa, anthu a mpingo ankawerenga zala zawo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawapepesa kuti mphaka wawo waphedwa ndi thabwa iwo akumva. Ndinachita manyazi, ndipo ndinayang'ana kumbali.

"Sanakulumeni chifukwa chokuzondani," ba Dokota anatero. "Enze odwala, sanakuzibeni. Manje chamene chinamudwalisa chili mu kwanja yanu, chiyenda pang'ono pang'ono. Nyeleti ikachipitilila, mwapola. Chikafika ku mutu, kulibe wamene angakuthandizeni, olo ine."

Amayi anangoti, "Namvela," n'kudula.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino, ngakhale kuti unali wopepuka. Bokosi analitsuka ndi mankhwala n'kundibwezera lopanda kanthu, mafiriziti onse anatsala konko kuti akatenthedwe. Mnyamata wa njinga yamoto anandifikitsa pamsewu waukulu, ndipo basi yoyamba imene ndinaimika inaima. Palibe amene anandifunsa za bokosi. Ndinaimbira amayi tili ku Chilanga, foni sinalowe. Ndinaimbanso pa Shimabala, osalowa. Ndinadziuza kuti yatha moto, poti magetsi kunalibe, koma mtima sunamve zimenezo. Mawu akuti namvela ndimawadziwa bwino. Amayi amawanena akagonja, ndipo amawanenanso akafuna kuti munthu atseke pakamwa. Njira yonse yotsetsereka kulowa m'Kafue, mtsinje ukunyezimira patali, ndinkakonza zoti ndikanene ndikakawapeza atadzitsekerabe. Ndinaganiza zowanamiza kuti tikupita kwa achimwene, ndinaganiza zoitana ba Hamoonga kuti tidzawanyamule ngati thumba.

Ndinafika ku Nangongwe dzuwa litapendeka. Amayi anali panja, atakhala pa kampando pakhomo, atavala nsapato ndi duku lawo la ku tchalitchi. Dzanja linali pa bondo, losakulunga, lotupa mpaka kunyezimira, mabala a mano akuonekera kwa aliyense wodutsa.

"Wachedwa," anatero.

Ndinawauza kuti ndikhoza kuitana takisi tipite kuchipatala cha kutali, komwe kulibe wotidziwa. Anati jakisoni wake si mmodzi, amamva kuti ndi wa masiku angapo, ndiye kodi tizithawa kangati. Anaimirira n'kutseka chitseko.

Pa kiliniki tinapeza benchi ya panja ili yodzaza, ndipo ambiri anali anthu amene ndimaimba nawo Lamlungu lililonse. Amayi anakhala kumapeto. Mayi amene anali pafupi nawo anayang'ana dzanja lija, n'kunyamula mwana wake kukaima pakhoma. Wotsatira anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti aimbe. Posakhalitsa benchi yonse inali ya amayi okha, anthu ataunjikana padzuwa ngati kulibe pokhala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za timizere tiwiri tija, koma amayi anandikoka siketi. Ndinakhala pansi pambali pawo. Namwino atatulukira pakhomo n'kufunsa mokweza, monga mwa masiku onse, kuti vuto n'chiyani, amayi anayankha mokweza kuposa iye.

"Ananiluma pusi wanga. Enze na chiwewe. Bapima ku Chilanga."

Mankhwala analipo. Anatsuka balalo, anawabaya pa phewa, n'kuwauza masiku obweranso. Amayi sanatsinzine n'komwe.

Ndinapita ku Chilanga ndikuganiza kuti ndikabwera ndi yankho, komboni yonse ikhala chete. Si mmene zinakhalira. Kupeza chimene chinali m'mutu mwa mphaka kunatenga masana amodzi, koma anthu a pa benchi ija anamva yankholo ndi makutu awo ndipo palibe amene anabwerera kudzakhala pansi. Chimene ulendowo unagula n'chimodzi chokha, ndicho jakisoni amene analowa pa phewa la amayi nthawi isanathe, ndipo nditaganiza bwino ndinaona kuti n'chimene ndinanyamukira.

Tikutuluka pageti amayi anayenda pang'onopang'ono, atagwira phewa. Anati mawa pamsika nsomba zawo palibe azigule, mwina mpaka mwezi uthe. Ndinalibe bodza loti ndiwatonthoze nalo, choncho ndinavomera kuti mwina zikhaladi choncho.

"Zikhale," anatero. "Koma nizankalapo pa tebulo."